Mwana Si Khoma

Okondedwa Achemwali,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi msana uja unasiya kuvuta? Nanga alamu ndi ana akudzuka bwanji? Ngati nonse muli bwino, ine mtima uli m'malo. Kuno tikudzuka ndithu. Amayi ali bwino, kungoti bondo lija kukazizira limawakumbutsa zaka. Kapitawo wanu watulutsa mano ena awiri, ndipo akulamula nyumba yonse monga mwa dzina lomwe munamupatsa. Chaka chimodzi ndi miyezi inayi basi, koma akaloza chinthu ndi kachala, tonse timathamanga.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuimbirani. Ulendo woyamba munayambitsa nkhani ya denga la amayi, wachiwiri munali pa ntchito, agogo ena mumawasamalira aja akukuitanani. Komanso mukudziwa, inu mukayamba kulankhula ine ndimangoti eya, eya, ngati ndikadali kamwana kaja munkakasambitsa m'beseni. Pepala silidula munthu pakamwa. Mukhululuke kalembedwe, sukulu mukudziwa pomwe ndinaisiyira.

Nkhani ndi ya voisi ija munatumiza pa gulu la banja la pa foni mwezi watha, yonena mlamu wanu, amake Kapitawo. Chichokereni tsiku limenelo banja langa laima ndi mwendo umodzi. Ndikufuna mumve zonse kuchokera kwa ine. Koma ndiyambe ndi zikomo, chifukwa nkhaniyi inayambira pa zabwino zanu.

Mukukumbuka mmene manja anga analili. Simenti inali itawadya. Zala zonse ming'alu yokhayokha, kuyabwa kwake mpaka ndinkakhula zikhatho pa njerwa kuti ndimveko bwino. Ndikagwira chopakira pulasitala, pa chogwirira pankatsala magazi. Abwana a pa saiti anandiitanira pambali n'kunena kuti ndikapume kaye kunyumba mpaka ndichire. Mawu amenewo timawadziwa, munthu akapita kukapuma pobwera amapeza wina ataima pamalo pake. Chondipweteka kwambiri, Kapitawo ankalira ndikamunyamula, manja ngati sandipepala.

Ndinakutumizirani chithunzi mongodandaula, inu simunagone nazo. Sabata isanathe dalaivala wa basi anandipatsa kaphukusi, m'kati timachubu tinayi ta mankhwala odzola ndi kapepala ka dzanja lanu. Kapepalako ndikadali nako. Munalemba kuti mankhwalawa ndi amphamvu kwambiri, ndizidzola pang'ono, m'manja mokha, ndivale magolovesi pogona, ndipo pakatha masabata awiri ndisiye.

Ndinachita momwemo. Masiku atatu kuyabwa kunatha. Pofika tsiku la khumi ming'alu inali itatsekeka, ndinabwerera pa saiti, malo anga ndinawapeza. Achemwali, chakudya chomwe chikulowa m'nyumba muno chikudzera m'manja amenewa, ndipo amene anawabweza ndinu. Zimenezo sindidzaiwala, kaya kalatayi muilandira bwanji.

Manja anga anangodya kachubu kamodzi. Titatu tinatsala m'bokosi langa la zida. Ndiye mukudziwa ife amisiri, matope a simenti akatsala sititaya. Timayang'ana uku ndi uku, pomwe pali kamng'alu timata. Chinthu chabwino kungokhala osagwira ntchito chimatiwawa m'maso.

Nthawi yomweyo Kapitawo anali atayamba zidzolo. Zinayamba m'masaya, kenako kuseri kwa mawondo, mopindikira mikono ndi m'ntchafu. Zofiira, zouma, mwina n'kumachucha timadzi. Mwana ankadzikanda ngati walumidwa ndi linthumbu. Amake anayesa zonse. Anasintha sopo, anamuwenga zikhadabo, anamuveka masokosi m'manja, ku kiliniki anakatenga mankhwala akumwa ochepetsa kuyabwa. M'mawa uliwonse pa nsalu yogonera tinkapeza timadontho ta magazi.

Paja mlamu wanu amachoka kusanache bwino kukakolopa ku maofesi aja, amabwera madzulo. Wosambitsa mwana m'mawa ndine, kenako ndimakamusiya kwa aneba, ndipo ndikaweruka ndimamutenga amake asanafike. Tsiku lina ndikumupukuta, analira mondiyang'ana m'maso, akudzikanda tsaya mpaka kusupula. Ndinayang'ana manja anga osalala, ndinayang'ana tsaya lake. Ndinati kuyabwa ndi kumodzi, kufiira ndi kumodzi, mankhwala ali m'bokosi umo. Ndinatsegula bokosi.

Tsono mumve mmene ndinachitira, musandiseke. Ine ntchito ndimaidziwa imodzi. Khoma likang'aluka umatsuka, umamata mokwanira, ndipo sumata pa mng'alu pokha, umapitirira zala ziwiri mbali zonse kuti zigwirane. Kenako umawongola m'mbali kuti ntchito ioneke. Ukatha umaphimba ndi pulasitiki kuti isaume msanga, chifukwa simenti youma msanga silimba. Ndinakumbukanso magolovesi munanena aja, ndinati eya, ngakhale achemwali akuti kuphimba n'kwabwino.

Ndinatsuka mapepala a pulasitiki a buledi, ndinawadula bwinobwino ndi sizasi. Ndinkapaka mankhwala mochindikala, kuwongola ndi chala, kuphimba, kumata ndi tepi ya mabala, pamwamba thewera ndi kathalauza. M'masaya mokha ndi momwe sindinkaphimba. Aneba anandifunsa tsiku loyamba kuti kodi mwanayu mwamukulunga ngati katundu wa pa basi bwanji. Ndinawanamiza kuti ndi njira yatsopano ya kuchipatala. Madzulo ndinkamatula zonse n'kutaya kutali.

Amake sindinawauze. Iwo sapatsa mwana chilichonse chopanda pepala la kuchipatala, ndinadziwa kuti akana. Komanso ndisabise, ndinkafuna ndidzaulule mwana atachira, andione kuti bambo a m'nyumba muno ali ndi mutu. M'kabokosi ka mankhwala munali pepala lalitali la tizilembo ngati nyerere. Ndinalipinda n'kutsekera pa zenera pomwe pamalowa mphepo. Safunsa anadya phula.

Masiku atatu, mwana mbee! Kuyabwa zii. Anayamba kugona, kudya, kuseka. Mlamu wanu anayesa ndi sopo watsopano uja, anamutama kwa aliyense, mpaka anzake awiri a kuntchito anakagula. Ine ndinkangosekera m'mimba. Itatha sabata ndinasiya, koma masiku awiri okha zidzolo zinabwerera. Ndinati ndiye kuti, monga pakhoma, kote imodzi sinakwane. Ndinayambiranso. Ndikasiya zibwere, ndikapaka zithe. Ndinapitirira choncho masabata asanu ndi awiri, timachubu tiwiri n'kutha.

Masaya anayamba kufufuma, ine n'kumanyadira kuti mwana akunenepa. Ndinaona ndithu kuti malo ndinkapaka aja akuyera kuposa thupi lonse, akunyezimira, timitsempha tikuonekera. Amake anati mwina ndi zipsera za zidzolo, zitha zokha. Ine ndinavomereza msangamsanga.

Ndiye kunabwera chithunzi chija. Mlamu wanu anamuveka Kapitawo kadiresi munatumiza kaja, anamujambula n'kuponya pa gulu kuti muone kuti kamukwana. Lolemba m'mawa linali tchuthi kwa iwo, ine ndinali pampando ndikuvala majombo. Voisi yanu italowa anaitsegula mokweza, akumwetulira, akuyesa mukuyamikira.

Mawu anu simungawaiwale, koma ndiwalembe kuti muwaone mmene anamvekera kuno. Munati masaya amenewo mukuwadziwa, ndi a mafuta oyeretsa khungu. Munati munthu akafuna kudzisupula yekha adzisupule, koma magazi a kwanu asawakhudze. Munati kuyera kwa mlamu wanu munkakukayikira kuyambira tsiku lomwe ndinabwera naye, lero mbava yagwidwa ndi mwana yemwe. Munamaliza ndi kuti mwana wakuda ngati bambo ake si matenda.

Achemwali, mkaziyu anabadwa choncho. Amayi ake ndi oyera, achimwene ake ndi oyera, munawaona pa ukwati. Anaimirira, anakatenga kabasiketi kake ka zodzola n'kukhuthulira patebulo. Munali botolo limodzi la mafuta wamba, chipeso ndi kagalasi kosweka. Amvekere, bambo a Kapitawo, fufuzani, mukachipeza mukawaonetse abale anu. Pa gulu paja azakhali anali atayankha kale kuti iwonso ankaona. Msuweni wathu uja anaika tinkhope toseka. Masana amayi, atamva kwa azakhali, anabwera, akuti akudutsa, koma anatsegula kabati yathu.

Ine ndinatani? Ndinawerama n'kumamanga zingwe za majombo. Ndinamanga, ndinamasula, ndinamanganso. Ndinkadziwa kuti m'nyumba muno chopakidwa pa masaya amenewo n'chimodzi chokha, ndipo chili m'bokosi lomwe ndinaliponda ndi phazi. Ndinaopa inu, ndinaopa iwo. Ndinangoti zisiyeni, achemwali mukuwadziwa kale, n'kunyamuka kupita ku saiti. Pa zonse ndinachita, apa ndi pomwe ndinalakwa kwambiri.

Tsiku lomwelo mankhwala ndinasiyiratu. Ndinaganiza kuti khungu libwerera mwakachetechete, nkhani ifa yokha. Pofika Lachinayi zidzolo zinabuka kuposa kale, zofiira ngati wapsa ndi madzi otentha. Mwana anafooka, chakudya akukana, ngakhale kuloza ndi kachala kuja anasiya. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu kuno zinadya akulu, n'kupota mwana.

Lachisanu mlamu wanu anapempha kuntchito. Ku kiliniki atangomuona mwana anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu, ku mbali ya khungu. Ine ndinati ndili ndi khoma loti ndimalize. Iwo amvekere, ayi, mupita nawo, mukamve ndi makutu anu ngati ndine, kuti mukawafotokozere bwino achemwali anu. Ndinapita.

Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, nambala ili m'manja. Khonde lake lalitali, penti yobiriwira mpaka m'chiuno, pamwamba yoyera, ndipo amene anapulasitala pamenepo sanali mmisiri, ndinawerenga mafunde asanu ndi atatu. Ndinkayang'ana zimenezo kuti ndisayang'ane mkazi wanga.

Adokotala ake anali mayi wamfupi, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anamuvula mwana, anamugoneka pa kabedi, anakokera nyale pafupi. Anatsina khungu la pa ntchafu pang'onopang'ono, anagwira masaya, anamuika pa sikelo. Kenako anafunsa amake kuti mukumudzoza chiyani mwanayu. Amake anati mafuta wamba ndi sopo basi. Adokotala amvekere, mayi, ine ndakalambira m'chipinda chino, khungu ili ladya siteroyidi wamphamvu, ndipo ladya kwa nthawi. Mlamu wanu misozi inangoti mbwe, akulumbira kuti sakudziwa.

Adokotala sanakangane nawo. Anamutembenuza mwana chafufumimba, anawongola timiyendo tonse tiwiri pansi pa nyale. Kenako anatiitana kuti tione. Pakati panali zidzolo, koma kuzungulira zidzolozo panali poyera, ndipo poyerapo panali pa makona anayi. Mwendo uwu ndi mwendo uwo, kukula kofanana, m'mbali mowongoka. Amvekere, matenda ndawaona ambiri, koma sindinaonepo zidzolo zokhala ndi makona. Amene wachita izi ali ndi dzanja la ntchito, ngati anaika levulo. Anatsitsa magalasi n'kufunsa kuti, bambo, mumagwira ntchito yanji?

Anayankha ndi amake Kapitawo, mawu apansipansi, akundiyang'ana. Anati ndi a pulasitala.

Achemwali, ndinagwapo pa sikafodi, nsanja yomangirapo ija, kamodzi, koma sikunali kutali ngati pamenepa. Ndinaulula zonse, timachubu, mapepala a buledi, tepi, masabata asanu ndi awiri, bodza la kwa aneba. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha kachubu. Ndinkadikira kuti aitana apolisi kapena anditukwana pamaso pa anthu.

Iwo anangopumira m'mwamba. Anagwira dzanja langa, analitembenuza, n'kunena kuti amene anakupatsani mankhwalawa pa manja awa sanalakwe, apa agwira ntchito yake. Chikhatho cha womanga n'chochindikala ngati chidendene, chimafuna mankhwala amphamvu, kwa masiku owerengeka. Kenako anaika dzanja langalo pambali pa tsaya la Kapitawo. Amvekere, tsono onani, ili ndi khungu la anyezi. Bambo, mwana si khoma.

Anafotokoza bwino, mwa Chichewa choti ngakhale ine ndimve. Akuti nthenda ya mwanayu ndi ekizima, si yopatsirana, si ya uve, ndipo ana ambiri imawachepera akamakula. Akuti mankhwala ndinkapakawo ali pamwamba penipeni pa anzake onse, sapaka kumaso, sapaka mopindika, sapaka mwana wa thewera popanda dokotala. Amazimitsa moto wa pakhungu, koma ukapitiriza amalidya khungulo, limapyapyala, limayera. Ndipo pulasitiki ndinkanyadira ija ndi yomwe inkakankhira mankhwala m'kati mpaka m'magazi. Masaya ofufuma aja sikunali kunenepa.

Chinandizizira kwambiri ndi ichi. Akuti thupi limapanga lokha mankhwala ofanana ndi amenewa, ndiye likamalandira ambiri ochokera kunja limachita ulesi. Kusiya mwadzidzidzi kuja ndinachita pobisa mlandu, n'kumene kunamufooketsa mwana, ndipo tikanachedwa zikanatha kuipa. Anatigoneka m'chipatala masiku awiri kuti amuyang'anire, anamutenga magazi m'mawa, anamupatsa mankhwala oti thupi lizolowere pang'onopang'ono.

Potuluka anatipatsa kachubu kena kofooka, koyenera mwana, ndi masiku ake owerengedwa papepala. Anandiphunzitsa muyezo. Akuti ufinyire kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pa mzere woyamba, amenewo akwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Upake mopyapyala, pa zidzolo pokha, osapitirira zala ziwiri, osaphimba. Ine za muyezo ndimamva msanga, ndinati akanandiuza kale. Amvekere, mukanafunsa kale.

Kenako anatulutsa chibotolo chachikulu cha mafuta ofewetsa khungu, opanda fungo, opanda mankhwala. Anandipatsa m'manja n'kunena kuti awa ndiye anu a pulasitala, pakani thupi lonse, katatu kanayi pa tsiku, makote mmene mungafunire. Kachubu kakang'ono kaja anapatsa amake, amvekere, aka kazikhala ndi woyang'anira ntchito. Nesi anaseka, ngakhale mlamu wanu kukamwa kunagwedezeka pang'ono. Adokotala amenewo Mulungu awasunge. Anandidzudzula osandivula ulemu, ndipo anandiuzanso kuti pa saiti ndizivala magolovesi kuti manja asayambirenso.

Panopa papita masabata anayi. Kuchipatala tabwererako kawiri. Magazi achiwiri akuti ali bwino, thupi ladzuka. Masaya aphwa, abwerera kukhala ake. Zidzolo zimabwera pang'ono kuseri kwa mawondo, tikatsata pepala zimazima. Mtundu wa khungu akuti ubwerera, koma ndi nkhani ya miyezi, tisathamange. Pa ntchafu yakumanzere pali timizere tiwiri ngati ta mayi woyembekezera. Timeneto akuti mwina sitidzatha. Ndimationa tsiku lililonse pomusambitsa, ndipo tsiku lina adzandifunsa. Ndidzamuuza.

Kachubu kotsala ndinakapereka ku chipatala konko. Aneba ndinakawapepesa. Amvekere, ine ndinadabwa kuti chipatala chayamba liti kugwiritsa mapepala olembedwa mtengo wa buledi.

Tsono za m'nyumba. Kuchipatala konse mlamu wanu sanandiyankhule kupatula za mwana. Titafika kunyumba anamugoneka Kapitawo, anakhala pa mpando womwe uja ndinkamangira majombo. Anati za mankhwala sakundisungira, akudziwa kuti ndinkafuna mwana apume, iwonso misozi ya mwanayo inkawapweteka chimodzimodzi. Koma akuti, munakhala apa, bambo a Kapitawo, mukumva ine ndikutchedwa mbava, mukudziwa, n'kumamanga nsapato. Amayi anu anatsegula kabati yanga, inu mukudziwa. Anzanga a kuntchito ndinawauza agule sopo, inu mukuseka.

Ndinagwada, iwo anati dzukani, simunandilakwire pansi, munandilakwira pa gulu. Akuti dzina lawo linadetsedwa pamaso pa anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo likachapidwe pomwepo, osati kuchipinda. Apereka mpaka kutha kwa mwezi uno. Zikapanda kutero atenga mwana, apita kwa makolo awo, chifukwa sangalere mwana pakati pa anthu omwe amawayesa osupula ana. Sanakweze mawu. Mkaziyu ndimamudziwa, akalankhula motsitsa ndiye kuti wamanga kale.

Amayi ndinawauza Lamlungu lapitali. Anandimenya ndi mpango kumutu ngati mwana, kenako anapita okha kukagwira mpongozi wawo dzanja. Zimenezo zinathandiza, koma amayi sali pa gulu, foni yawo ndi ya mabatani.

Ndiye nachi chomwe ndichite. Kalatayi ikupezani Lachisanu, ndapatsira dalaivala yemwe uja. Lamlungu likubwerali, dzuwa lili pamutu, ine nditumiza voisi yanga pa gulu. Ndinena zonse ndalemba apazi, ndi dzina langa, azakhali amve, msuweni aike tinkhope take. Zimenezo ndichita kaya inu muyankha kaya ayi. Ndalemba kuti musadzamvere pagulu ngati mlendo, chifukwa ndinu amene munandilera bambo atatisiya, ndipo simuyenera kudzidzimutsidwa ndi ine.

Pempho langa ndi limodzi. Ikadzalowa yanga, itsatane ndi yanu. Sindikuti mudzichepetse kwambiri. Inu munaona zoona, masaya anali atayeradi ndi mankhwala, ndipo chikhala kuti simunakuwe, mwina ine bwenzi ndikupakabe mpaka lero. Diso lanu linapulumutsa mwana, ndipo pamenepo ndikuthokozanso. Koma chala chinaloza munthu wolakwika, ndipo mawu aja a kuyera kwake sanali a tsiku limodzi, munati munawasunga kuyambira kale. Amenewo sindingawachotse ine. Anatuluka pakamwa panu, angabwezedwe ndi pakamwa panu pokha.

Ndikudziwa kuti mawu oti pepani kwa inu amalemera kuposa thumba la simenti. Chikhalire sindinakumvenipo mukuwanena, ngakhale kwa alamu. Koma ndinakuonani mukusiya sukulu kuti ine ndidye, ndiye ndikudziwa kuti zolemera mumanyamula. Ine mundikalipire mmene mungafunire, muimbe foni, ndidzangoti eya, eya, ndipo ulendo uno adzakhala eya woona. Koma musayambe ndi ine. Yambani ndi iye.

Mkaziyu, achemwali, masiku awiri a m'chipatala aja anagona pansi pa simenti pambali pa bedi la mwana. Pepala la adokotala analimata pa chitseko cha kabati, amachonga tsiku lililonse ndi pensulo. Pa gulu sanayankhepo liwu limodzi lokunyozani, ngakhale atadziwa zoona, pomwe akanatha kungojambula kalata ya kuchipatala n'kuponya. Anati si ntchito yawo kundivula pagulu, ndidzivule ndekha. Munthu wotere sindikufuna kumutaya chifukwa cha mantha anga.

Ndalemba nthawi yaitali, dzanja lachita dzanzi kuposa tsiku lopulasitala siling'i. Lero tinaweruka masana chifukwa mchenga unatha, ndiye ndakhala patebulo pano kuyambira pamenepo. Kapitawo ali pansi apa, akunyezimira ndi mafuta ngati nsomba, akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti khonde lawo lija ndikadzabwera ndidzalikonza. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire mayeso asatengere amalume ake. Amayi akupereka moni. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu yosamalira makolo a eni, akupatseni mphamvu ndi msana wabwino, ndipo akubwezereni zonse munandichitira ine.

Ndimati nditseke apa, koma mlamu wanu wangolowa kumene kuchokera kuntchito. Wafunsa kuti ndikulembera ndani. Ndamuuza. Waima pakhomo kanthawi, chikwama chili paphewa, kenako wanyamula mwana n'kulowa kuchipinda. Ali m'katimo wanena kuti, muwapatse moni azakhali ake a Kapitawo.

Sindinamupemphe, achemwali. Moniwo ndi umenewo, ndaupereka. Lamlungu foni yake idzakhala patebulo.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Bambo a Kapitawo